Chingerezi cha m'chipatala ndi cha ku yunivesite: malangizo kwa Amalawi a zaumoyo ku Britain

Amalawi ambiri amene amabwera ku Britain kudzachita digiri yachiwiri ya zaumoyo kapena kudzagwira ntchito ya unamwino amakhumudwa akauzidwa kuti ayambe apereka umboni woti amadziwa Chingerezi. Kukhumudwako n'komveka, chifukwa munthu anaphunzira m'Chingerezi kuchokera ku pulayimale, anakhoza MSCE, ndipo mwina anamaliza maphunziro ku Kamuzu College of Nursing kapena ku College of Medicine, sukulu zimene mu 2021 zinaphatikizidwa n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Koma pamndandanda wa boma la Britain wa mayiko amene anthu ake ambiri amayankhula Chingerezi, pomwe pali Australia, Canada, Jamaica ndi America, palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Kukangana ndi lamuloli n'kungotaya nthawi. Chofunika n'kudziwa kuti chimene akuyesa si Chingerezi cha pamsika kapena cha kutchalitchi, koma Chingerezi cha ntchito inayake, ndipo chimenechi chimaphunziridwa pachokha, ngakhale ndi azungu eni chiyankhulo.

M'mayunivesite a kuno muli aphunzitsi amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa Chingerezi chimenechi basi. Asanayambe kuphunzitsa amafufuza kaye zimene wophunzirayo azikalemba, amene azikawerenga zolembazo, ndi anthu amene azikayankhula nawo. Wophunzira zomangamanga amalemba malipoti a zimene wayeza, wa zamalamulo amasanthula zigamulo za makhoti, pamene namwino amalemba mbiri ya wodwala ndi makalata omutumizira kwina. Choncho musanalipire kosi iliyonse, funsani kuti aphunzitsi ake amagwiritsa ntchito zolemba zotani. Akakuyankhani kuti amaphunzitsa galamala ndi kukambirana nkhani za m'nyuzipepala, dziwani kuti kosiyo ndi ya anthu amene akungoyamba chiyankhulo, osati ya inu.

Nkhani ya mayeso ndiyo imawonongetsa anthu ndalama zambiri, choncho ndiyofunika kuimvetsa bwino. Bungwe la Nursing and Midwifery Council, limene limalembetsa anamwino ndi azamba ku Britain, limavomereza mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS Academic ndi OET. Pa IELTS limafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba, ndipo zonse pamodzi zikwane 7. Pa OET, amene bungweli linayamba kuwavomereza mu 2017, limafuna giredi B pa magawo atatu aja ndi C+ pa kulemba. Madokotala amalembetsa ku General Medical Council, kumene muyeso wake ndi wokwererapo: 7.5 pa IELTS yonse, kapena B pa magawo onse anayi a OET.

Kusiyana kwa mayeso awiriwa kumaonekera kwambiri pa gawo lolemba. Pa IELTS mumapatsidwa ola limodzi kuti mufotokoze chithunzi cha ziwerengero m'mawu osachepera 150, kenako mulembe chimangirizo cha mawu osachepera 250 pa mutu uliwonse umene angasankhe, kaya wa zamaulendo kaya wa kuwonongeka kwa chilengedwe. OET, imene inayambira ku Australia kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inakonzedwera anthu a ntchito 12 za zaumoyo, ndipo namwino amapatsidwa zolemba za wodwala kuti m'mphindi 45 alembe kalata ya mawu apakati pa 180 ndi 200 yopita kwa dokotala, kwa namwino woyendera odwala m'makomo, kapena ku nyumba yosamalira okalamba. Pa gawo loyankhula mumachita timasewero tiwiri, woyesayo akukhala ngati wodwala kapena wachibale wake. Kwa munthu amene wagwira ntchito m'wodi kwa zaka zingapo, ine ndimaona kuti OET ndiyo yabwino, ngakhale imadula kuposa IELTS, chifukwa nkhani zake ndi zimene amazidziwa kale. Koma ngati cholinga chanu ndi kulowa yunivesite, yambani mwafunsa ku dipatimenti imene mukufuna, popeza si makosi onse amene amalandira OET, pamene IELTS Academic imalandiridwa pafupifupi kulikonse.

Pa kalata ya OET ndi pamene anthu ochokera kwathu amagwa kawirikawiri, ndipo vuto lake si galamala. Ku sekondale tinazolowera kuti wolemba zambiri ndi wogwiritsa ntchito mawu akuluakulu ndiye wanzeru, ndiponso kuti kalata yaulemu imayamba ndi malonje. Woyesa wa OET amayang'ana zina: kodi cholinga cha kalatayi chikuoneka m'chiganizo choyamba, ndipo kodi mwasankha zokhazo zimene wolandira kalata akufunika kudziwa? Muzolemba zimene amakupatsani amaikamo dala zinthu zosafunika, monga matenda akale amene anatha, ndipo amene amakopera zonse poopa kusiya china amataya malikisi. Ngati mukulembera namwino woti azikatsuka bala kunyumba kwa wodwala, muuzeni kukula kwa balalo, mmene likupolera, mankhwala amene wodwala akumwa, ngati ali ndi matenda a shuga, ndi tsiku loti akamuonenso. Za opareshoni imene anachitidwa ali mwana zisiyeni.

Luso lomweli ndi limene limafunika posiyirana odwala pamene ena akuweruka ndipo ena akulowa ntchito. Zipatala zambiri za boma (NHS) zimatsata ndondomeko yotchedwa SBAR, imene imafuna kuti munene zimene zikuchitika panopa, mbiri yofunika ya wodwalayo, mmene inu mukuonera vutolo, ndi zimene mukupempha kuti zichitike. Gawo lomalizali limavuta amene analeredwa kuti wamng'ono sauza wamkulu zochita, koma dokotala amene mwamudzutsa usiku amayembekezera kumva momveka kuti mukufuna abwere m'mphindi zingati. Palinso Chingerezi cha odwala enieniwo, chimene m'mabuku mulibe. Gogo wa ku Yorkshire akanena kuti ali "poorly" ndiye kuti akudwala, ndipo wina akadandaula za "waterworks" akunena za vuto la mkodzo. Kayankhulidwe ka ku Glasgow, Liverpool ndi Newcastle kamasiyananso kwambiri ndi ka pa wayilesi ya BBC World Service kamene tinakulira, choncho ndi nzeru kumvera mawayilesi a m'dera limene mukukhala.

Amene muli kale m'dziko muno ndipo mukugwira ntchito yosamalira okalamba kapena yothandizira anamwino, dziwani kuti kuyambira mu 2023 bungwe la anamwino lija limalandiranso umboni wochokera kwa olemba ntchito, kwa munthu amene anaphunzira unamwino m'Chingerezi kapena amene anangoperewera pang'ono pa mayeso, malinga ngati wagwira ntchito ya zaumoyo ku Britain kwa miyezi 12. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye muwerenge pa tsamba la bungwelo lenileni, osadalira zimene zikuyenda m'magulu a WhatsApp.

Kwa ophunzira a digiri yachiwiri, mayunivesite ambiri amakhala ndi makosi a Chingerezi cha maphunziro amene amachitika m'miyezi ya June mpaka September, chaka cha sukulu chisanayambe. Makosi amenewa ndi olipira, ndipo amathandiza makamaka amene anaperewera pa IELTS, koma muonetsetse mtundu wa mayeso amene akufunika pa viza ya kosi yoteroyo, chifukwa nthawi zambiri amafuna IELTS for UKVI, mtundu wa IELTS wovomerezedwa ndi ofesi yoona za maviza ku Britain. Bungwe la BALEAP limayendera ndi kuvomereza makosi a mtunduwu, ndipo mndandanda wake ungakuthandizeni posankha. Chimene Amalawi ambiri amachinyalanyaza ndi makalasi ndi uphungu wa kalembedwe zimene zimapitirira mkati mwa chaka, zomwe m'mayunivesite ambiri n'zaulere kwa wophunzira aliyense wolembetsa. Ena amachita manyazi poganiza kuti kumeneko kumapita okhawo amene Chingerezi chimawavuta, n'kudzathamangirako mu July dizeteshoni (lipoti la kafukufuku lomalizira digiri) itawathina, pamene alangiziwo alibenso malo. Pitani mu October ndi chimangirizo chanu choyamba.

Digiri yachiwiri ya kuno nthawi zambiri imatha m'chaka chimodzi, ndipo m'mayunivesite ambiri malikisi 50 ndiye pokhozera, pamene 70 ndi kukhoza mwapamwamba. Chimene chimakweza munthu kuchoka pa 55 kufika pa 68 si kuchuluka kwa mabuku amene watchula, koma kuwayeza: kunena kuti kafukufuku uyu anachitika pa anthu ochepa, kapena kuti zimene anapeza ku London sizingagwire ntchito chimodzimodzi pa chipatala cha boma ku Nsanje. Pamenepa zimene munaona pogwira ntchito kwathu ndi chuma, bola muzilumikize ndi umboni wolembedwa. Muzisamalanso ndi mawu otsimikiza mopitirira muyeso, chifukwa pa kafukufuku sanena kuti chinthu chatsimikizika pamene umboni ukungoloza kumeneko.

Kukopera mawu a munthu wina popanda kumutchula ndi mlandu umene ungachotsetse munthu sukulu, ndipo zolemba zambiri zimadutsa mu pulogalamu ya Turnitin imene imazifananiza ndi zina. Funsani msanga njira yotchulira mabuku imene dipatimenti yanu imafuna, kaya ndi Harvard, APA kapena Vancouver, komanso malamulo ake pa mapulogalamu monga ChatGPT, chifukwa amasiyana kosi ndi kosi. Pa zida zaulere, Academic Phrasebank ya University of Manchester imasonyeza mmene olemba kafukufuku amayambira ziganizo poyerekezera, potsutsa ndi pofotokoza zimene apeza, ndipo mndandanda wa Averil Coxhead wa mu 2000 uli ndi magulu 570 a mawu amene amapezeka kawirikawiri m'zolemba za maphunziro onse. Kuloweza mndandandawo sikuthandiza kwenikweni. Tengani nkhani zitatu za m'magazini a kafukufuku wa ntchito yanu, muone mmene mawuwo awagwiritsira ntchito, kenako mulembe ndime yanu motsatira dongosolo lomwelo n'kupita nayo kwa mlangizi wa kalembedwe.