Kuyambitsa kalabu ya zachilengedwe pasukulu

Mwafunsa kuti ana asukulu ndi aphunzitsi angatengepo mbali bwanji pa nkhani yakusintha kwa nyengo. Choyamba pezani mphunzitsi mmodzi woti zimamusangalatsadi, osati wongokakamizidwa ndi ahedi, zoterozo sizichedwa kufa. Kenako anawo azungulire pasukulupo alembe okha mavuto omwe akuwaona, kaya mapulasitiki ali mbwee, kaya madzi akungotayika pampopi, kaya nthaka ikukokoloka. Asankhepo limodzi basi. Ngati asankha mitengo yambani ndi nazale, mbandezo mudzale mvula ikakhazikika ndipo mwana aliyense akhale ndi mtengo wakewake, poti kudzala aliyense amadzala koma kuthirira ndiye pamavuta. Aphunzitsi a masamu aziwayezetsa kutalika kwa mitengoyo mwezi ndi mwezi. Pa 5 June, tsiku lokumbukira zachilengedwe padziko lonse, itanani makolo adzaone.