Momwe mungatsegulire ndi kukonza Firefox polemba malamulo pa kompyuta

M'malo ambiri ochitira fotokope ku Kamuzu Road kuno ku Salima, kompyuta imodzi imakhalidwa ndi anthu osiyanasiyana pa tsiku: wina akutumiza kalata yofunsira ntchito, wina akufufuza zotsatira za mayeso a MANEB, ndipo madzulo mwini malo amatsegula imelo yake pa kompyuta yomweyo. Ngati onsewa akugwiritsa ntchito Firefox yokonzedwa mofanana, kasitomala akhoza kuona masamba ndi mapasiwedi a mwini malo. Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti yomwe bungwe la Mozilla linaitulutsa mu 2004 ndipo aliyense ali ndi ufulu woona ndi kusintha mmene inalembedwera, imalola kuti anthuwa muwalekanitse polemba malamulo ochepa chabe.

Yambani ndi kutsegula pamalo polembera malamulo. Pa Ubuntu dinani Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi, ndipo terminal idzatseguka. Lembani mawu awa n'kudina Enter:

firefox https://ny.wikipedia.org &

Chizindikiro cha & chakumapetocho chimathandiza kuti terminal ikhalebe yomasuka kulandira malamulo ena Firefox ili yotsegula. Pa Windows dinani batani la Windows ndi R, lembani cmd, kenako m'malo mwa mawu oti firefox muzilemba njira yonse, pamodzi ndi mitengero yake: "C:\Program Files\Mozilla Firefox\firefox.exe".

Chofunika kwambiri ndi profile, yomwe ndi foda yosungira mapasiwedi, masamba amene munatsegulapo ndi zonse zimene munakonza. Tsekani Firefox kaye, ndipo pangani profile ya makasitomala motere:

firefox -CreateProfile makasitomala

Kuyambira pamenepo, mukalemba firefox -P makasitomala mudzapeza Firefox yopanda chilichonse cha inu. Mukalemba firefox -P yokha, padzatuluka kawindo kosonyeza ma profile onse kuti musankhepo. Ine ndimalangiza kuti pa lamuloli muziwonjezera --private-window, chifukwa kasitomala wothamangira minibasi ya ku Senga Bay sakumbukira kutuluka mu Facebook yake, ndipo wobwera pambuyo pake sayenera kuipeza ili chitsegulire.

Tsopano nkhani ya bandulo, imene imadya phindu la malo oterewa. Mu profile ya makasitomala lembani about:profiles pamalo a adiresi, ndipo mudzaona foda imene profile imeneyi imasungidwa. M'fodamo pangani fayilo yotchedwa user.js n'kulembamo mizere iyi:

user_pref("browser.startup.homepage", "https://ny.wikipedia.org");
user_pref("media.autoplay.default", 5);

Mzere woyamba ukusankha tsamba loyambira, pomwe wachiwiri ukuletsa mavidiyo kuyamba okha munthu asanawadine. Ubwino wa fayiloyi ndi wakuti Firefox imaiwerenga nthawi iliyonse ikamatseguka, choncho kasitomala akasokoneza zinthu ziwirizi, zimabwerera m'malo mwake mukaitsegulanso. Samalani kwambiri ndi mitengero komanso chizindikiro cha ; chakumapeto, pakuti mukaiwala chimodzi mzerewo sugwira ntchito. Palinso mzere wa user_pref("permissions.default.image", 2), womwe umaletsa zithunzi zonse. Umapulumutsadi bandulo, koma sindiukonda pa kompyuta ya makasitomala, chifukwa mafomu ambiri amaonetsa kachithunzi ka zilembo zoti munthu azikopere asanatumize, ndipo popanda kachithunziko fomuyo sipita.

Ngati kompyuta mwaiika kuti izionetsa tsamba limodzi lokha, mwachitsanzo pa ofesi kapena pa loji, lembani firefox --kiosk kenako adiresi ya tsambalo. Njirayi inayamba mu Firefox 71, ya mu 2019, ndipo imabisa mabatani onse ndi pamalo a adiresi. Potuluka mumadina Alt ndi F4.

Firefox ikayamba kuzimazima kapena kuchedwa mutangoikamo extension yatsopano (kapulogalamu kowonjezera ntchito zina pa Firefox), itsekeni n'kulemba firefox --safe-mode. Idzatseguka ma extension onse atazimitsidwa, ndipo vuto likatha mudzadziwa kuti muchotse extension imene munaika posachedwapayo.