Musaphwetse tayala lotentha pa ulendo

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likamaswa mtengo kuno kunyanja, si zachilendo kuona dalaivala wa minibasi ataima pa Kaphatenga kapena pa Benga, atanyonyomala pambali pa tayala, akukanikiza valavu ndi kamtengo ka machesi kuti mpweya utuluke. Mukamufunsa amati tayala lauma kwambiri ndipo likhoza kuphulika. Cholinga chake n'chabwino ndithu, koma potero akudziitanira yekha ngozi imene akuithawayo.

Mpweya ukatentha umafuna kufufuma, ndipo popeza uli wotsekeredwa, umakankha makoma a tayala mwamphamvu, geji yoyezera mpweya n'kuonetsa nambala yokwera. Kutentha kukawonjezeka ndi madigiri 10, mpweya umakwera ndi PSI (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala) imodzi kapena ziwiri, kotero kuti tayala limene linali pa 32 m'mawa ponyamuka pa Kamuzu Road ku Salima likhoza kuonetsa 36 pofika ku Nkhotakota, litakhula phula lotentha la msewu wa M5 kwa makilomita opitirira 100. Opanga matayala anawerengera kale kukwera kotereku, ndipo tayala labwino limakupirira popanda vuto.

Choopsa chenicheni ndi mpweya wochepa. Tengani waya muziupinda uku ndi uku mofulumira, muona kuti popindikapo patentha mpaka waya n'kuduka. Tayala losakhuta mpweya limachita chimodzimodzi, pakuti m'mbali mwake mumapindika nthawi iliyonse likazungulira, kutentha n'kumaunjikana m'kati mpaka mphira n'kulekana ndi mawaya. Amene waphwetsa tayala lotentha kubwerera pa 32 wachititsa kuti lizipindika kwambiri pa ulendo wotsalawo, ndipo likazizira usiku limatsikira pa 28. Mawa lake akapakira matumba a mpunga ndi anthu odzaza, asadabwe likaphulika.

Choncho yezani mpweya matayala ali ozizira, makamaka m'mamawa galimoto isanayende, kapena itaima pamthunzi kwa maola atatu. Nambala yoyenera ili pa kapepala komatidwa pa chitsulo cha khomo la dalaivala, ndipo m'galimoto zina kali kuseri kwa kachitseko kothirira mafuta. Kawirikawiri pamalembedwa nambala ziwiri, ya galimoto yopepuka ndi ya galimoto yolemedwa, ndipo amene mumanyamula katundu tsiku ndi tsiku muyenera kutsata yachiwiriyo. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire osayenera kupitirira, si yopopera ayi, ngakhale kuti opopa matayala ena amawerenga yomweyo.

Mukakakamizika kupopetsa muli pakati pa ulendo, onjezerani PSI zinayi pamwamba pa nambala ya pa kapepala kaja, kenaka mudzayezenso m'mawa mwake. Zomenya tayala ndi phazi kapena kuligogoda ndi sipanala ine sindizivomereza, chifukwa tayala la masiku ano likhoza kuchepa mpweya kwambiri koma likuonekabe lokhuta. Geji ya m'thumba si yodula, ndipo kukhala ndi yanuyanu kumathandiza poti mageji a m'mbali mwa msewu sagwirizana.

Nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julaye, zinthu zimatembenuka, pakuti mpweya umene munapopa m'chilimwe umatsika ndi kuzizira ngakhale tayala lisanabooke. Yezani kamodzi pa mwezi, osaiwala la sipeya.