Wireshark ikakana kugwira nchito mutangoiika pa kompyuta

Malangizo awa tawakonza kuno ku Salima kuti athandize amene amasamalira makompyuta m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo tawalemba m'Cinyanja kuti afikenso kwa anzathu a ku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lusaka. Akunena za Wireshark, pulogalamu yaulere yoonera zimene zikudutsa pa netiweki. Anaiyambitsa Gerald Combs mu 1998 ili ndi dzina loti Ethereal, ndipo dzina la Wireshark linabwera mu 2006.

Ikakana kutseguka, musathamangire kuicotsa n'kuyambanso kudawuniloda. Bandulo ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala pa fayilo imene mwatengayo.

Yambani mwaidziwa kompyuta yanu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, ndipo onani mzere wa System Type. Mukapeza x86-based PC, makinawo ndi a 32-bit, ndipo Wireshark yomaliza imene inapangidwira makina otero ndi 3.6. Pa Windows 7 yomaliza ndi 3.2, pa Windows 8.1 ndi 4.0. Makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu ndi akale, ena olandira ngati thandizo, conco apa ndi pamene ambiri amagwera. Zakalezi zimagwira ndithu, koma sizikukonzedwanso zikapezeka ndi zibowo za citetezo. Musatsegulire nazo mafayilo amene simukudziwa kumene acokera.

Ngati magetsi anazima kapena netiweki inadukiza mukudawuniloda, fayilo ikhoza kukhala yosakwanira. Mu Command Prompt lembani certutil -hashfile, dzina la fayiloyo, kenako SHA256. Nambala yaitali imene ituluke muifananize ndi imene ili pa wireshark.org. Zikasiyana, apo ndiye tenganinso ina. Fayilo yoyenda pa fulashi kucoka kwa uyu kupita kwa uyo muziiyesa cimodzimodzi.

Uthenga wonena kuti VCRUNTIME140.dll sikupezeka ukutanthauza kuti pakusowa Microsoft Visual C++ Redistributable. Itengeni kwa Microsoft eni ake. Mawebusaiti amene amagawa mafayilo a DLL limodzilimodzi muwapewe, mungatengereko mavairasi.

Tsopano vuto lenileni, limene limasowetsa anthu tulo: pulogalamu yatseguka bwinobwino, koma palibe Ethernet kapena Wi-Fi yoti musankhe. Apa mumvetse kaye kagwiridwe kake. Wireshark payokha sigwira kanthu pa waya. Ili ngati munthu wosankha nsomba pagombe ku Senga Bay, pamene makoka aponya ndi ena. Amene amagwira mapaketi, tizidutswa ta uthenga timene timayenda pa netiweki, ndi kapulogalamu kochedwa dumpcap, ndipo pa Windows kameneka kamadalira dalaivala (kapulogalamu kolankhula ndi khadi ya netiweki) yochedwa Npcap, yopangidwa ndi a Nmap. Npcap inalowa m'malo mwa WinPcap kuyambira pa Wireshark 3.0 mu 2019. WinPcap inalekera pa 4.1.3 mu 2013, koma pa makompyuta akale mudzaipeza ikadalipo.

Poika Wireshark pamatuluka windo laciwiri la Npcap, lokhala ndi mafunso akeake. Munthu wofulumira amaganiza kuti ndi lomwe lija labwereza, n'kulitseka. Wireshark imamaliza kulowa osadandaula, koma yopanda cogwirira. Kuti mutsimikize, tsegulani Command Prompt ngati Administrator n'kulemba:

sc query npcap

Mukaona RUNNING, dalaivala ili moyo. Mukaona STOPPED, lembani sc start npcap. Mukaona nambala 1060, ndiye kuti Npcap palibiretu. Tengani pa npcap.com n'kuiika payokha, Wireshark yonse osaikhudza. Ngati WinPcap ikuoneka pa mndandanda wa mapulogalamu, icotseni kaye.

Pa windo la Npcap lija pali kabokosi kolembedwa Restrict Npcap driver's access to Administrators only. Mukakacongera, ophunzira kapena anchito amene amalowa ndi akaunti wamba adzafunsidwa pasiwedi ya Administrator asanagwire ciliconse. Pa kompyuta ya mu ofesi ya ndalama kutero n'kwanzeru. Mu labu yophunzitsira kumangokupatsani nchito yoyendayenda kulemba pasiwedi, conco ganizirani bwino musanaconge.

Mukamaliza, sankhani Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Fast Startup ikakhala yoyatsa, Shut down imasunga mbali ina ya dongosolo lakale n'kuibwezera poyatsanso, ndipo mungaganize kuti zimene mwakonza sizinagwire.

Pa Ubuntu ndi Debian, mitundu ya Linux, nkhani ndi ya cilolezo. Uthenga wake umati Couldn't run /usr/bin/dumpcap in child process: Permission denied. Ambiri amazemba polemba sudo wireshark, ndipo imatsegukadi. Conde musacite zimenezo. Wireshark imawerenga ciliconse cimene cabwera pa waya, cabwino ndi coipa comwe, ndiye si bwino kuipatsa mphamvu zonse za root, akaunti yolamulira kompyuta yonse. Njira yoyenera ndi iyi:

sudo dpkg-reconfigure wireshark-common

Ikakufunsani ngati anthu wamba aziloledwa kugwira mapaketi, yankhani Yes. Kenako:

sudo usermod -aG wireshark $USER

Tulukani mu akaunti yanu n'kulowanso, cifukwa gulu latsopano siliwerengedwa mpaka mutatero. Lembani groups kuti muone ngati wireshark yalowa, kenako dumpcap -D kuti mndandanda wa makhadi a netiweki utuluke. Pa macOS cofanana naco ndi ChmodBPF, imene imabwera m'fayilo yomweyo ya Wireshark, ingoiikani.

Ngati inkagwira dzulo koma lero ikungotsekeka yokha, pitani ku %APPDATA%\Wireshark pa Windows, kapena ~/.config/wireshark pa Linux, musinthe dzina la fodayo osaifufuta. Pulogalamu idzapanga ina yatsopano, ndipo zanu zakale zidzakhalapobe mukazifuna.

Pali cina cimene si vuto konse ngakhale cimaoneka ngati vuto. Mukalumikiza kompyuta pa switch, kabokosi kolumikizira makompyuta angapo ndi mawaya, mudzaona mapaketi anu okha ndi aja otumizidwa kwa onse. Switch imapereka uthenga kwa mwini wake basi. Kuti muone za makina ena pamafunika switch yokhala ndi port mirroring, yomwe imakopera mapaketi a makina ena n'kuwatumiza ku kompyuta yanu, ndipo musanayatse zimenezo pezani cilolezo colembedwa kwa ahedi kapena abwana a ofesi, cifukwa m'mapaketi mumadutsa zinthu zacinsinsi za anthu. Mafayilo amene mwagwira musawasiye pa kompyuta imene aliyense amakhalapo.

Zonsezi zikakanika ndipo mukufuna thandizo kwa mnzanu waluso, tsegulani Help, kenako About Wireshark, mukopere zonse zolembedwa pamenepo. Zimaonetsa mtundu wa Wireshark, wa Windows kapena Linux, ndiponso ngati Npcap yapezeka. Mutumize zimenezo pamodzi ndi cithunzi ca uthenga umene ukutuluka, mawu ake onse akuoneka bwino.