Kungotchula mutu ndi msana kuchipatala sikuthandiza

Nyengo yothyola masitiroberi m'chigwa cha Salinas ku California, m'dziko la America, ikupita kumapeto, ndipo vuto lobisa matenda ovutika maganizo kuchipatala labweranso. Anthu ochokera ku Mexico ogwira ntchito m'minda akafika kukiliniki n'kufunsidwa chavuta, akungoti mutu, msana, m'mimba. Zoti tulo sakutiona, chakudya sichikulowa, usiku amalira okha poganiza ana amene anawasiya kwawo ku Oaxaca, dera la ku Mexico, sakuzitchula. Dokotala naye ali ndi mzere panja. Alemba mankhwala opha ululu, munthu ulendo.

Zimenezi zikudya ndalama. Ambiri amalipidwa potengera mabokosi amene adzaza. Munthu wodwala matenda ovutika maganizo manja amamulemera, mabokosi amachepa, yotumiza kumudzi imachepa, nkhawa n'kuwonjezeka. Tsiku lopita kukiliniki sadzaza mabokosi, ndiye wataya tsiku lathunthu kukatenga mapiritsi amene akanagula pagolosale.

Tiyi wa zitsamba wotchedwa manzanilla, kupita kwa sing'anga amene eniake amati curandero, kukaonana ndi bambo mfumu, zonsezi sindiletsa. Chimene chimanditopetsa n'chakuti anthu amathera miyezi pomwepo, kwinaku akuti mwamuna amapirira, za m'mutu n'za amisala. Kenako amatenga mwana wasukulu kuti akawamasulire Chingelezi. Ndi bambo uti anganene kudzera pakamwa pa mwana wake kuti moyo wamutopetsa?

Bambo wina wothyola zipatso anakakamira kuti akudwala chifukwa cha mankhwala opopera m'munda. Anabayitsa jakisoni wa mavitamini, osasintha. Amene anaulula ndi akazi awo: anauza namwino kuti bambowo anasiya mpira wa Lamlungu ndipo mayi awo akaimba foni kuchokera kumudzi sayankha. Apo m'pamene anafunsidwa mafunso oyenera.

Ngati inu kapena mnzanu wa kuntchito wakhala chonchi kupitirira milungu iwiri, auzeni achipatala zonse, za tulo ndi za kulira zomwe. Pemphani mafunso 9 oyezera matenda ovutika maganizo otchedwa PHQ-9, alipo m'Chisipanishi. Womasulira mum'pemphe kuchipatala komweko, ngakhale wa Chimixteco kapena Chitriqui, zinenero za ku Oaxaca. Makiliniki otchedwa community health center amalipiritsa malinga ndi zimene munthu amapeza, ngakhale alibe inshulansi. Mankhwala a matenda ovutika maganizo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira, musawasiye panjira. Maganizo odzipha akabwera, imbani 988, nambala yothandiza anthu otere ku America, nthawi yomweyo. Wofuna Chisipanishi adine 2.