Kugwirira kampani yakunja ntchito ya upangiri muli pa MBA

Sukulu zambiri za bizinesi zimatumiza ophunzira a MBA (digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi) kukathandiza kampani yeniyeni ya m'dziko lina, ndipo ntchitoyo imakhala phunziro lokhala ndi malikisi ake. Ku MIT Sloan, sukulu ya bizinesi ya ku America, kuli pulogalamu ya G-Lab, yomwe inayamba mu 2000: ophunzira anayi amagwira ntchitoyo ali pasukulu kuyambira Seputembala mpaka Disembala, kenako mu Januwale amakakhala kukampaniko pafupifupi masabata atatu. Ku Michigan Ross, sukulu inanso ya ku America, kuli MAP, ya mu 1992, yomwe imatenga masabata 7 athunthu. Mayina ndi kalendala zimasiyana, koma pamene magulu amagwera mpamodzimodzi. Amakonzekera ulendo wa pandege n'kuiwala kuti ntchito imapsa kapena kupserera m'masabata awiri oyambirira, pomwe mukugwirizana ndi kampani funso limene muyankhe.

Funso lichepetsedwe

Kampani imabwera ndi nkhani yotakata. Tiyerekeze kuti ndi kampani ya ku Germany yopanga mapampu a madzi, ndipo yati: "Tikufuna kulowa pamsika wa ku South America." Limenelo si funso, ndi khumbo chabe. Musanavomere, werengani mphamvu zanu. Anthu 4, maola 10 pa sabata aliyense, kwa masabata 12, ndi maola 480. Amenewo ndi maola a munthu mmodzi wogwira ntchito maola 40 pa sabata kwa masabata 12 omwewo, ndipo mbali ina idzathera m'misonkhano ndi m'kukonza lipoti. Dera lonse la mayiko simungalikwanitse.

Pamsonkhano woyamba funsani zinthu zitatu. Ndi chiganizo chanji chimene kampani ikufuna kupanga ikalandira lipoti lanu? Achipange ndani? Liti? Mukakumba chonchi, khumbo lija limasanduka funso loyankhika: kodi ku Brazil tigulitse mapampu a ulimi wothirira kudzera mwa wogulitsa wa komweko, kapena titsegule ofesi yathuyathu? Funso labwino limatha ndi inde, ayi, kapena kusankha njira imodzi mwa ziwiri kapena zitatu.

Zimene mwagwirizanazo zilembedwe pa masamba osaposa awiri ndipo mbali zonse zisainire. Mulembemo funso, zimene mudzapereke pomaliza, madeti, ziwerengero zimene kampani ikupatseni ndi tsiku lake, komanso amene alipire ndege, malo ogona ndi womasulira. Gawo limene ophunzira amalidumpha ndi la zimene simudzachita. Lilembeni mosabisa: sitidzafufuza za Argentina, sitidzapereka malangizo a zamalamulo kapena zamisonkho. Pofika sabata yachisanu bwana wina adzati, "Poti muli pomwepo, tationereninso Chile." Mukakhala ndi pepala lija mumayankha mwaulemu kuti zitheka, koma asankhe chimene chichotsedwe kuti Chile apeze malo.

Anthu awiri a mkati mwa kampani

Mukufunika anthu awiri, osati mmodzi. Woyamba ndi mkulu amene ali ndi mphamvu yopanga chiganizo chija. Iyeyo ngotanganidwa, mukamuona katatu, poyamba, pakati ndi pomaliza, zakwana. Wachiwiri ndi wogwira ntchito wa tsiku ndi tsiku amene amadziwa kumene mafayilo ali ndipo amayankha imelo. Ndi ameneyu muzikumana sabata iliyonse kwa mphindi 30. Ngati mkulu yekha ndiye akukudziwani, ziwerengero sizibwera. Ngati ndi wamng'ono yekha, lipoti lanu lidzangokhala m'kabati.

Pangano losunga chinsinsi, lotchedwa NDA, lisainidwe sabata yoyamba, chifukwa kampani siitulutsa kalikonse lisanathe, ndipo maloya a yunivesite ndi a kampani akhoza kukokanakokana masabata angapo. Musasaine panokha lisanaonedwe ndi sukulu. Ngati mafayilo ali ndi mayina kapena manambala a makasitomala a ku European Union, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, likukhudzani. Pemphani kuti mayinawo awachotseretu asanakutumizireni. Ndipo ziwerengero za kampani musamaziike m'mapulogalamu a AI a pa intaneti popanda chilolezo cholembedwa.

Ntchito ya musananyamuke

Pofika sabata yachitatu lembani yankho lanu longoganizira, ngakhale mukudziwa kuti lingasinthe: "Tikuganiza kuti wogulitsa wa komweko ndiye njira yabwino, pa zifukwa izi zitatu." Chifukwa chilichonse chikhale ndi mwini wake m'gulu, ndi umboni umene ungachitsutse. Gulu lopanda yankho longoganizira limangotolera nkhani zosatha, n'kufika kumapeto ndi mulu wa mapepala wopanda mutu.

Kukula kwa msika muwerenge njira ziwiri. Kuchokera pamwamba, gwiritsani ntchito nkhokwe za ziwerengero za malonda a pakati pa mayiko monga UN Comtrade kapena Trade Map ya bungwe la International Trade Centre (ITC), mutapeza kaye nambala ya HS ya katunduyo, yomwe ndi nambala imene mayiko amazindikirira mtundu wa katundu pamalire. Mapampu a zamadzimadzi ali pa 8413. Dziwani kuti nambala imeneyi ikuphatikiza mapampu amitundumitundu, mpaka a mafuta a galimoto, ndiye tsikirani ku nambala ya HS ya madijiti 6, yomwe imasiyanitsa mitunduyo. Musadabwenso mukaona kuti zimene dziko lina lalemba kuti latumiza sizikufanana ndi zimene dziko lolandiralo lalemba kuti lalandira: kawirikawiri wolandira amaphatikizapo mtengo wa mayendedwe ndi inshuwalansi, pamene wotumiza saphatikiza. Kuchokera pansi, werengani ogula, kuchulukitsa ndi mapampu amene aliyense amagula pachaka, kuchulukitsa ndi mtengo. Mayankho awiriwo akatalikirana kwambiri, pali chimene mwaphonya, ndipo chimenecho ndicho mukafunse mukafika.

Manambala akunja amapusitsa. Ku Germany ndi ku Brazil 1.250 amatanthauza 1,250 (chikwi chimodzi ndi 250), osati 1 ndi kachidutswa, ndipo Excel ikhoza kuwerenga molakwika osakuchenjezani. Ku India lakh ndi 100,000, crore ndi 10 miliyoni, ndipo chaka cha zachuma chimayamba mu Epulo n'kutha mu Malichi. Deti la 03/04 kwa munthu wa ku America ndi 4 Malichi, kwa wa ku Ulaya ndi 3 Epulo. Lembani dzina la mwezi. Nthawi nayo imasuntha: America imasintha mawotchi Lamlungu lachiwiri la Malichi, Ulaya Lamlungu lomaliza la mweziwo, choncho pakati pakepo msonkhano wanu wa sabata ndi sabata umasemphana ndi ola limodzi.

Ulendo

Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 isanathe ntchito, chifukwa mayiko ambiri amafuna zimenezo. Viza muyambe kuifunsira tsiku limene mwadziwa dziko, makamaka poti m'gulu limodzi mumakhala mapasipoti a mayiko osiyanasiyana, ndipo mmodzi akhoza kudikira nthawi yaitali kuposa anzake. Ofesi ya sukulu ndiyo ikuuzeni mtundu wa viza. M'mayiko ena ya alendo okaona malo siyenerera ntchito imeneyi. Kumene amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever, chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 mutabayitsa. Onaninso kalendala ya kumeneko kuti mudziwe nthawi imene anthu amakhala patchuthi: Golden Week ku Japan kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, Ogasiti ku Italy ndi ku France, Lachisanu ku Saudi Arabia.

Masiku amene muli kumeneko ngokumana ndi anthu, osati okhala m'chipinda n'kumawerenga za pa intaneti. Theka la misonkhano likhale litakonzedwa kale musanakwere ndege. Konzekerani kucheza ndi anthu 20 mpaka 30, ndipo tumizani mapempho ochuluka kuposa pamenepo poti ambiri sayankha. Musadalire mndandanda wa kampani wokha, chifukwa idzakupatsani anthu amene amaikonda kale. Fufuzani amene anasiya kugula, ndi amene amagula kwa opikisana nawo. Nenani zoona kuti ndinu ophunzira amene mukugwirira ntchito kampani. Kunamizira kuti ndi kafukufuku wa kusukulu chabe kuti mutape zinsinsi za opikisana nawo kungaipitse dzina la sukulu ndi la kampani yomwe.

Pitani awiriawiri, wina azifunsa, wina azilemba, ndipo zolembazo muzikonze tsiku lomwelo zisanazizire. Womasulira mumupatse mafunso ndi mawu a ntchitoyo dzulo lake. Mukaona kuti munthu walankhula kwa mphindi ziwiri koma womasulira wangoti "akuti zili bwino", mupempheni modekha kuti anene zonse. M'malo ambiri anthu sakana pamaso, ndiye funso loti "Mungagule?" silithandiza. Funsani kuti pampu yomaliza anaigula liti, kwa ndani, pamtengo wanji, ndipo itawonongeka anaikonza ndani patatha masiku angati.

Kupereka yankho

Tsamba loyamba linene yankho, zifukwa zibwere pambuyo. Masamba 15 kapena 20 ngokwanira, zotsalazo ziikeni kumapeto ngati zowonjezera. Mutu wa tsamba lililonse ukhale chiganizo chathunthu, moti wowerenga mitu yokha amve nkhani yonse. Ngati mwapeza kuti kampani isalowe pamsikawo, kapena kuti vuto lili mu dipatimenti ya munthu wina, muuzeni mkulu uja payekha masiku awiri kapena atatu msonkhano waukulu usanachitike. Bwana akamvera nkhani yowawa pamaso pa antchito ake amayamba kudziteteza, ndipo umboni wanu saumvanso.

Malangizo alionse akhale ndi mwini wake, mtengo wake ndi zochita m'masiku 90 oyambirira. Musiyireni wogwira ntchito uja fayilo ya Excel yokhala ndi tsamba limodzi losonyeza zonse zimene munangoganizira ndi kumene nambala iliyonse inachokera, kuphatikizapo mtengo wosinthira ndalama ndi deti lake, ndipo mukhale naye ola limodzi akusintha yekha manambalawo inu mukuonerera. Kenako fufutani mafayilo a kampani m'makompyuta anu monga NDA inanenera, n'kuwalembera imelo yotsimikiza kuti mwatero.