Momwe mungakwerere phiri la Overlook kukaona mabwinja a hotela yakale

Pamwamba pa tawuni ya Woodstock, m'mapiri a Catskill m'chigawo cha New York ku America, muli chinyumba cha konkire chopanda denga, mitengo itamera m'kati mwake. Ameneŵa ndi mabwinja a Overlook Mountain House. Njira yopitira kumeneko ndi yotakata ndipo simungasochere, koma n'zimene zimapusitsa anthu ambiri. Amanyamuka ndi kabotolo kamodzi ka madzi ndi nsapato zoyendera m'tawuni, kenako chitunda n'kuwalaka asanafike n'komwe.

Choyamba dziwani kukula kwa ntchitoyo. Kupita ndi kubwera ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 8, ndipo kuchokera poimika galimoto kukafika pansonga mumakwera mamita oposa 400. Nsonga yake ili pa mamita 957 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu woyenda bwino amatha ulendo wonse m'maola atatu, koma ngati muli ndi ana kapena mukufuna kukhalitsa pa mabwinja, ikani maola anayi. Werengerani chobwerera m'mbuyo kuchokera nthawi yolowera dzuwa, makamaka mu Disembala pamene kumada isanakwane 5 koloko.

Kuchokera pakati pa Woodstock tsatani Rock City Road, yomwe kutsogolo imasanduka Meads Mountain Road, mpaka pa malo oimika magalimoto moyang'anizana ndi nyumba ya amonke achibuda a ku Tibet yotchedwa Karma Triyana Dharmachakra. Loweruka ndi Lamlungu malowa amadzaza m'mamawa, ndiye lawirirani kapena pitani m'kati mwa sabata. Musasiye galimoto m'mphepete mwa msewu pamene pali zikwangwani zoletsa. Obwera pa basi kuchokera mumzinda wa New York amatsikira m'tawuni, ndipo ndi bwino kupeza takisi yokafikitsa poyambira, chifukwa msewu wokhawo ndi chitunda cha makilomita angapo.

M'chikwama ikani madzi malita awiri munthu mmodzi ngati kukutentha, lita imodzi ndi theka ngati kukuzizira. M'njiramo mulibe mpopi kapena golosale. Tengani kamba wosavuta monga mtedza, nthochi ndi buledi, jekete yotchinga mphepo, tochi, ndi pulasitala wa matuza. Nsapato zikhale zolimba kunsi komanso zomwe munazizolowera kale. Valani buluku lalitali ndipo miyendo yake muilowetse m'masokosi podziteteza ku nkhupakupa.

Poyambira pali buku lolembamo mayina. Lembani dzina lanu, chiwerengero cha anthu ndi nthawi, chifukwa ofunafuna anthu otayika amayang'ana m'menemo. Kenako tsatani timazizindikiro tofiira tokhomedwa m'mitengo. Njirayo ndi msewu wakale wa timiyala umene ngolo za akavalo zinkakwezera alendo ku hotela, ndipo imangokwera osapumira. Cholakwika chachikulu n'kuyamba ndi liwiro. Yendani mayendedwe oti mungathe kucheza ndi mnzanu osabanika, ponyani mapazi mofupikitsa, ndipo imwani madzi pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse musanamve ludzu. Kunena zoona, gawo limeneli silosangalatsa m'maso: nkhalango mbali zonse, mawaya a magetsi pambali. Pirirani.

Mukayenda makilomita pafupifupi atatu, msewu umayamba kugona ndipo zipupa zotuwa zimaonekera pakati pa mitengo. Hotela yoyamba pamalopa inatsegulidwa mu 1871, pa nthawi imene anthu olemera a mumzinda wa New York ankathawira ku mapiri m'nyengo yotentha, ndipo Pulezidenti Ulysses S. Grant anafikapo mu 1873. Inali yamatabwa ndipo inapsa mu 1875. Anamanganso ina mu 1878, nayonso inapsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mwini wake panthawiyo, Morris Newgold, anaganiza zothana ndi moto pomanga ndi konkire, koma ntchitoyo sinathe, ndipo mu 1940 malowa anapita m'manja mwa boma la New York. Choncho zimene mukuonazo ndi hotela imene sinamalizidwe kumangidwa. Moto unadzanyeketsa zamatabwa zimene zinalimo, konkireyo n'kutsala chiimire.

Pano m'pamene muyenera kusamala kwambiri. Zungulirani kunja kaye muone mizere ya mazenera opanda magalasi, masitepe otakata a pakhomo ndi malo osonkhapo moto amene atsala m'zipupa. Musakwere zipupa kapena masitepe othera m'malere. Konkireyo yakhala pamvula zaka zambiri: madzi amalowa m'ming'alu, amaundana m'nyengo yozizira n'kuikulitsa, zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri n'kutupa, ndipo chidutswa chimatha kugumuka popanda chenjezo. Pansi pali maenje ndi zitsulo zotulukira zobisika ndi masamba ouma, ndiye yang'anani popondapo musanayang'ane foni. Ana agwireni dzanja, galu akhale pa chingwe. Musalembe pakhoma ndipo musatole kanthu.

Phirili kuli njoka zaululu zotchedwa timber rattlesnake, zomwe zimachenjeza ndi phokoso la kumchira. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala zimakonda kuothera dzuwa pamiyala, m'mbali mwa njira ndi pafupi ndi mabwinja. Musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala, ndipo musakhale pansi musanayang'ane. Mukaiona imani, bwererani m'mbuyo, ipatseni danga la mamita awiri kapena kuposa. Musaiponye miyala: lamulo la New York limaiteteza, komanso anthu ambiri amalumidwa pamene akuiputa. Wina akalumidwa imbani 911, nambala ya foni yoitanira thandizo pangozi, mum'khazike pansi, mum'vule mphete ndi zothina. Osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe.

Mukapitirira mabwinja mupeza mphambano. Njira ya zizindikiro zabuluu imapita ku kanyanja kotchedwa Echo Lake ndipo imatalikitsa ulendo kwambiri, ndiye inu khalani pa zofiira. Patsogolo pang'ono pali kanyumba ka mlonda wa nkhalango ndi nsanja yachitsulo yotalika mamita 18, imene ankaonerapo moto wolusa. Inasamutsidwira pano mu 1950 kuchokera ku Gallis Hill, inatsekedwa mu 1988, n'kutsegulidwanso kwa alendo mu 1999. Kachipinda ka pamwamba kamatsegulidwa ndi anthu odzipereka kumapeto kwa sabata m'miyezi yotentha. Kwerani mutagwira zitsulo za m'mbali ndi manja onse awiri, ndipo mukamva bingu tsikani nthawi yomweyo. Musaphonye kanjira ka pafupi ndi kanyumbako kopita pathanthwe, pamene mumaona mtsinje wa Hudson ndi damu la Ashokan lomwe limamwetsa mzinda wa New York. Pathanthwepo palibe chotchinga.

Potsika ndi pamene mawondo amalira ndipo timiyala timagubuduka kunsi kwa nsapato. Mangani zingwe za nsapato mothinitsa kuti zala zisamagunde kutsogolo, pindani mawondo pang'ono, ndipo musathamange. Ndodo imathandiza kwambiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewuwo umakutidwa ndi madzi oundana, ndipo popanda timinga tachitsulo tovala kunsi kwa nsapato musayese n'komwe.

Mukafika kunyumba dzifufuzeni thupi lonse, makamaka m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'tsitsi. Nkhupakupa za kuderali zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo zina n'zazing'ono ngati kambewu ka chitowe. Mukaipeza itakakamira, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kuikoka molunjika, osaipotokola kapena kuiotcha. Pakatuluka chibanga chofiira chomakula, kapena mukayamba kutentha thupi m'masabata otsatira, pitani kuchipatala mukanene kuti munali m'nkhalango.